Zolembedwa kuseri kwa chigubu cha oyilo

Galimoto imene ndimayendera ndi Mercedes-Benz ML 350 BlueTEC ya 2013, ya injini ya dizilo ya malita 3 ndi masilinda 6, imene amisiri amaidziwa ndi dzina lakuti OM642. Ndinaitanitsa kuchokera ku UK itagwira kale ntchito zaka zingapo, inatsikira pa doko la Dar es Salaam, ndipo inalowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Pamene inkafika ku Lilongwe ndinali nditalemba kale papepala zinthu zimene zinkandidetsa nkhawa, monga matayala, batire, mabuleki, ndiponso kumene ndizikagula AdBlue, madzi aja amene amathiridwa m'thanki yawoyawo kuti ayeretse utsi. Oyilo sanali papepalapo. Ndinakulira pakhomo pamene panali Hilux yakale, ndipo m'maganizo mwanga oyilo wa dizilo anali wamtundu umodzi basi: umapita pamalo omwetsera mafuta, umanena kuti ukufuna wa dizilo, amakupatsa chigubu, umalipira n'kumapita.

Sevisi yoyamba ndinakachitira pa galaja ina imene banja lathu lakhala likupitako kwa zaka zambiri. Mmisiri wa pamenepo ndi bambo wachikulire, woona mtima, amene manja ake adutsa m'mainjini a Hilux, Canter ndi maminibasi osawerengeka. Anatsegula boneti, anachotsa chivundikiro cha pulasitiki, anaiyang'ana injiniyo kwa kanthawi, kenako anati, "Bwana, oyilo wopepuka amene amathira kwawoko ndi wa kozizira. Kuno dzuwa likawomba amasanduka madzi. Tithiremo 15W-40, injini ikhazikike." Mnyamata wawo anabweretsa ndowa ya malita 20 imene amatungamo oyilo wa galimoto iliyonse yobwera pagalajapo, anatunga ndi jagi yachitsulo, ndipo ndinaima pambali ndikuonerera oyilo wonga uchi akutsika pang'onopang'ono m'fanelo. Mawu a mkuluyo anandimvekera anzeru, chifukwa aliyense amene anapondako ku Nsanje mwezi wa Okutobala amadziwa chimene kutentha kumatanthauza. Ndinavomera, ndipo pa sevisi yachiwiri ndinavomeranso.

Vuto linaonekera patadutsa pafupifupi chaka, tsiku lina ndikuchokera ku Salima. Ndili pa zitunda zokwera kulowera ku Lilongwe, nyali yachikasu ya injini inayaka pa dashibodi, mphamvu inazilala, ndipo galimoto imene masiku onse imakwera chitunda ngati ikuyenda pachidikha inayamba kukana kuthamanga ngakhale ndiponde bwanji. M'mawa mwake ndinapita nayo kwa mmisiri wachinyamata amene ali ndi kompyuta yowerengera magalimoto a ku Ulaya. Analumikiza chingwe pansi pa chiwongolero, n'kundionetsa pa sikirini kuti DPF, sefa ya utsi imene ili m'njira ya ekizozi, inali itatsekeka kwambiri. Asanafunse china chilichonse anati, "Achimwene, mwakhala mukuthira oyilo wanji?" Nditamuyankha, anatsegula kabati ya kutsogolo kwa mpando, anatulutsa buku la galimoto limene linali lidakali m'chikwama chake chachikopa, anapita kumasamba akumapeto, n'kuloza ndi chala chakuda ndi girisi pa nambala yakuti 229.51, muyezo wa oyilo amene Mercedes-Benz imafuna pa injiniyi.

Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti si oyilo yekha amene anatseka sefayo. Galimotoyo inabwera ndi phulusa la makilomita onse amene inayenda ku UK, ndipo ine ndinkaiyendetsa kwambiri maulendo aafupi a m'tauni, kuchokera kunyumba kupita ku City Centre ndi kubwerera, amene sapatsa injini mpata woti itenthe mokwanira. Koma oyilo wolakwika anasenzetsa katundu wina chinthu chimene chinali chitatopa kale, ndipo ndalama zimene ndinalipira pomasula sefayo, kuitsuka ndi kuibwezeretsa zikanagula oyilo woyenera wa masevisi angapo. Mmisiri wachikulire uja sindimuimba mlandu, pakuti ananena zimene zakhala zikugwira ntchito pa magalimoto amene iye amawadziwa. Udindo wowerenga buku unali wanga.

Ambirife tikamanena za oyilo timatchula manambala a kutsogolo kwa chigubu, monga 5W-30, 10W-40 kapena 15W-40. Manambalawa ndi muyezo wa bungwe la SAE, ndipo amanena chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi kulemera kwa oyilo, kutanthauza mmene amayendera, kaya mofulumira ngati madzi kapena mozengereza ngati uchi. Nambala yoyamba, yotsatana ndi chilembo W, imanena za oyilo injini ikakhala yozizira, ndipo ikakhala yaing'ono ndiye kuti oyiloyo amafika msanga pamwamba pa injini ndi pa turbo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, mukangoliza galimoto m'mawa. Nambala yachiwiri imanena za kulemera kwake pa madigiri 100, pamene injini ili mkati mwa ntchito. Motero 5W-40 ndi 15W-40 akatentha amakhala m'gulu limodzi. Kusiyana kwawo kuli m'mawa, pa masekondi oyambirira aja pamene zitsulo zimakhudzana oyilo asanafike paliponse. Amene anagonapo ku Dedza mwezi wa Juni n'kuliza galimoto kusanache amadziwa kuti kuzizira kuliponso kuno kwathu.

Mfundo yakuti oyilo wopepuka amasanduka madzi chifukwa cha dzuwa la kuno imamveka bwino m'khutu, koma imaiwala mmene injini yamakono imadzisamalira. Thermostat, valavu yowongolera kutentha, imasunga madzi a injini cha m'ma madigiri 90, ndipo pa OM642 pali chiziziritso cha oyilo chimene chili pakati pa mizere iwiri ya masilinda, pomwe madzi omwewo amachotsa kutentha kwa oyilo. Kaya galimoto ili ku Manchester kapena ku Chikwawa, oyilo wa mkati amagwira ntchito pa kutentha kosasiyana kwambiri malinga ngati radiator ndi fani zili bwino. Palinso muyezo wina umene sulembedwa kutsogolo kwa chigubu, wotchedwa HTHS, umene umaona kulimba kwa oyilo pa madigiri 150 pamene akufinyidwa pakati pa zitsulo zothamanga. Oyilo wovomerezeka pa 229.51 ayenera kufika 3.5 pa muyezo umenewu, pamene 5W-30 wina wopangidwira injini zofuna oyilo wopepuka amayambira pa 2.9. Zigubu ziwiri zikhoza kukhala pa shelefu imodzi, zonse zolembedwa 5W-30 m'zilembo zikuluzikulu, koma mkati mwake muli zinthu zosiyana.

Chimene chinandivuta kumvetsa poyamba n'chakuti oyilo, amene amakhala m'injini, angawononge bwanji sefa imene ili ku ekizozi. DPF ndi chinthu chonga chisa cha njuchi, choumbidwa ndi dongo lapadera lopirira moto, chokhala ndi timabowo tambirimbiri totsekedwa mbali imodzi, moti utsi umakakamizika kudutsa m'makoma ake n'kusiya mwaye. Mwaye ukachuluka, kompyuta ya galimoto imawonjezera dizilo pang'ono kuti ekizozi itenthe kufika cha m'ma madigiri 600, ndipo mwayewo umapsa n'kutha. Koma aliyense amene anaphikapo pa mbaula amadziwa kuti makala amanyeka, phulusa limatsala. Injini iliyonse, ngakhale yatsopano, imawotcha oyilo pang'ono, ndipo mankhwala azitsulo amene amasakanizidwa mu oyilo kuti atsuke injini ndi kuteteza zitsulo, monga calcium, magnesium ndi zinc, sapsa. Amasanduka phulusa limene limaunjikana kumapeto kwa timabowo tija, ndipo palibe ulendo wautali umene ungalichotse. Limadikira mpaka munthu adzamasule sefayo. Phulusa likachuluka, malo osungira mwaye amachepa, galimoto imayamba kudziwotcha pafupipafupi, ndipo mapeto ake ndi nyali ija imene inandiyakira pa msewu wa Salima.

N'chifukwa chake bungwe la opanga magalimoto a ku Ulaya, la ACEA, linagawa oyilo m'magulu. Magulu oyamba ndi chilembo C ndi a oyilo wochepa phulusa, phosphorous ndi sulufule, wopangidwira magalimoto okhala ndi sefa. Oyilo wa C3 saloledwa kupitirira 0.8 peresenti ya phulusa, ndipo wa C1 ndi C4 malire ake ndi 0.5 peresenti. Oyilo wa A3/B4, amene ndi wabwino kwambiri pa injini zopanda sefa, akhoza kufika 1.6 peresenti, pamene wa E7, wa malole ndi mabasi, amaloledwa mpaka 2 peresenti. Ndinabwerera pa galaja ija kukawerenga ndowa ya malita 20, ndipo ndinapeza kuti inalembedwa API CI-4 ndi ACEA E7. Anali oyilo weniweni, wa kampani yodziwika, woyenereradi Canter ndi Hilux yakale, koma malire a phulusa lake anali oposa kuwirikiza kawiri amene injini yanga imafuna.

Pamwamba pa magulu a ACEA, kampani iliyonse yaikulu ili ndi mayeso akeake, ndipo nambala ya kampaniyo ndi imene ine ndimayang'ana poyamba masiku ano. Pa injini yanga ndimafuna 229.51 kapena 229.52, amene anabwera pambuyo pake ndipo amapirira bwino kukalamba ndi kusakanikirana ndi dizilo. Msampha waukulu ndi nambala yakuti 229.5, yopanda nambala yachiwiri kumapeto. Ameneyu ndi oyilo wapamwamba wa injini za petulo ndi za dizilo zopanda sefa, ndipo phulusa lake ndi lambiri. Tsiku lina m'sitolo ina ya zipangizo za magalimoto wogulitsa anandipatsa chigubu cholembedwa 229.5, ndipo nditachibweza anati, "Ndi yemweyo, bwana, Benz ndi Benz." Sankafuna kundinamiza, kwa iye kachilembo kamodzi sikakanasintha kanthu. Ndinamuonetsa chithunzi cha tsamba la buku chimene ndimasunga m'foni, ndipo anapita kuseri n'kubwera ndi chigubu china chafumbi chimene ananena kuti anthu sachifuna chifukwa n'chodula.

Mawu olembedwa pambali pa nambalayo nawonso ali ndi tanthauzo. Chigubu chikalembedwa "MB-Approval 229.51" kapena m'Chijeremani "MB-Freigabe 229.51", ndiye kuti oyiloyo anayesedwa ndipo Mercedes-Benz inamuvomereza, komanso dzina lake limapezeka pa mndandanda umene kampaniyo imaika pa intaneti kuti aliyense aziona kwaulere. Chigubu chikangonena kuti oyiloyo akukwaniritsa zofunika za 229.51, kapena kuti ndi woyenera magalimoto ofuna 229.51, amene akulankhula ndi wopanga oyilo yekha, popanda mboni. Oyilo wotere akhoza kukhala wabwino ndithu, koma ine ndikakhala ndi mwayi wosankha ndimatenga wokhala ndi mboni. Chimodzimodzinso mawu akuti "fully synthetic", amene ogulitsa amawatchula ngati ndiwo mapeto a nkhani: amanena za mtundu wa mafuta oyambira, sanena kanthu za phulusa. Mayina amene ndakhala ndikuwapeza ndi chivomerezo choyenera ndi monga Mobil 1 ESP 5W-30, Shell Helix Ultra ECT C3 ndi Quartz Ineo MC3 wa TotalEnergies, komabe chigubu chilichonse ndimachitembenuza ndi kuwerenga, chifukwa makampani amasintha kasakanizidwe, ndipo dzina limodzi likhoza kukhala ndi zivomerezo zosiyana m'maiko osiyana.

Anzanga amene ali ndi magalimoto ena akuluakulu amandifunsa kuti nditchule oyilo amene ndimathira kuti nawonso azigula yemweyo, ndipo ndimakana. BMW X5 ya dizilo yokhala ndi sefa imafuna Longlife-04. Audi Q7 ndi Volkswagen Touareg zambiri za dizilo zimafuna VW 507.00. Discovery 4 ndi Range Rover Sport za injini ya malita 3 ya dizilo yokhala ndi sefa zimafuna 5W-30 wa C1, amene Land Rover imamutchula kuti STJLR.03.5005, ndipo ameneyu ndi wovuta kwambiri kupeza kuno kusiyana ndi C3 wanga. Land Cruiser V8 ya dizilo ndi nkhani ina: zina zinapangidwa zopanda sefa n'cholinga choti zizigulitsidwa kumaiko a dizilo wa sulufule wambiri, ndipo zimenezo zimalandira oyilo wamba wa dizilo popanda vuto, pamene zokhala ndi sefa zimafuna C2. Magalimoto awiri akhoza kufanana nkhope ndi chaka, koma imodzi inachokera ku UK ndipo inayo inagulidwa yatsopano m'chigawo chino. Chimene chimathetsa mkangano ndi nambala ya chassis ndi buku la galimotoyo, kapena kungogona pansi n'kuyang'ana ngati sefa ilipo.

Pakati pa 5W-30 ndi 5W-40, onse akakhala ndi chivomerezo cha 229.51, mtima wanga sugunda. Nthawi zambiri ndimathira 5W-30 chifukwa ndi amene amapezeka, koma munthu amene amakoka ngolo yolemera, kapena amene amakwera chitunda cha Chiweta kapena cha Golomoti kawirikawiri galimoto itadzaza, sindingamuletse kusankha 5W-40. Chimene sindivomereza ndi kuthira oyilo wolemera ngati mankhwala a kudontha. OM642 imadziwika ndi vuto la timalabala ta pa chiziziritso cha oyilo chija, timene timauma ndi kutentha n'kuyamba kutaya oyilo amene amatsikira kumbuyo kwa injini pafupi ndi giyabokosi. Anthu akaona madontho pansi amati oyilo wapepuka, koma vuto lili pa labala, ndipo kulikonza kumafuna kumasula turbo ndi zambiri za pamwamba pa injini. Ndi ntchito yowawa m'thumba, koma oyilo wolemera saichotsa, amangoichedwetsa uku akuwononga zina.

Kusankha bwino ndi mbali imodzi. Ina ndi nthawi yosinthira. Ku Ulaya kompyuta ya galimotoyi imalola kuyenda mpaka makilomita 25,000 kapena chaka chimodzi, koma chiwerengerocho chinapangidwira dizilo wa kumeneko, amene sulufule wake sapitirira 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni), ndi misewu yopanda fumbi. Dizilo wa kuno malire ake ndi 50 ppm, ndipo pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene anthu amagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, palibe amene angalumbire kuti m'thanki mwalowa chiyani. Sulufule akapsa amapanga asidi, ndipo mankhwala amene amalimbana ndi asidi mu oyilo ndi omwe aja amene amasiya phulusa. Apa ndi pamene pali kusinthanitsa kumene ogulitsa satiuza: oyilo wochepa phulusa amateteza sefa, koma ali ndi nkhokwe yochepa yolimbana ndi asidi, motero amatopa msanga dizilo akakhala woipa. Onjezerani fumbi la mwezi wa Seputembala ndi mizere ya magalimoto a mu Lilongwe imene injini imalira ola lathunthu galimoto itayenda makilomita ochepa, ndipo mudzaona chifukwa chake ine ndimasintha pa makilomita 8,000 kapena pakatha miyezi 6, chilichonse chimene chayamba kukwana.

Maulendo aafupi ali ndi vuto linanso. Galimoto ikayamba kuwotcha mwaye, inu n'kuzimitsa injini ntchitoyo isanathe, gawo la dizilo wowonjezera uja limatsetsereka m'makoma a masilinda n'kulowa mu oyilo, ndipo zikachitika kambirimbiri oyilo amasungunuka. Apa ndiye pamene amapepukadi, osati chifukwa cha dzuwa. Loweruka lililonse m'mawa ndimayeza mlingo galimoto itaima pamalo osapendekeka. Mlingo ukatsika pang'ono sindidabwa, koma ukakwera popanda ine kuwonjezera, kapena ndikanunkhiza n'kumva fungo la dizilo, ndimasintha oyilo osadikira makilomita. Kuda kokha sikundiopsa, popeza oyilo wa injini ya dizilo amada patangopita masiku ochepa chifukwa cha mwaye umene wanyamula. Pakatha milungu iwiri ndimatenga msewu wa Mchinji kulowera ku Namitete pa liwiro losasinthasintha kwa theka la ola kapena kuposerapo, kuti sefa ipeze mpata womaliza ntchito yake.

Kudziwa nambala n'kosavuta poyerekeza ndi kupeza chigubu chenichenicho. Pamalo ambiri omwetsera mafuta, makamaka kunja kwa Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, mashelefu amadzaza ndi 15W-40 ndi 20W-50, chifukwa ndi amene magalimoto ochuluka a pamsewu wathu amafuna, ndipo palibe wamalonda amene angamange ndalama zake pa katundu wogulidwa ndi munthu mmodzi pamwezi. Oyilo wa C3 amapezeka lero, mawa kulibe. Kusowa kwa ndalama zakunja kwawonjezera vutoli, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya chilichonse chochokera kunja inalumpha. Injini yanga imamwa malita 8, kutanthauza zigubu ziwiri za malita 5, ndipo phunziro limene ndatolapo n'lakuti sindidikira tsiku la sevisi kuti ndiyambe kufunafuna. Ndikapeza woyenera pamalo odalirika ndimagula wa masevisi awiri nthawi imodzi, n'kusunga m'chipinda chamthunzi, zigubu zosatsegula, pamwamba pa thabwa. Munthu amene galimoto yake ili kale pa jeke, oyilo wakale atakhetsedwa, amavomera chilichonse chimene wapatsidwa.

Malo amene ndimayambira ndi ogulitsa ovomerezeka a kampani ya oyiloyo ndi masitolo a pamalo omwetsera mafuta a kampani yomweyo, ndipo ndimapempha lisiti yolembedwa dzina lonse la oyilo. Kumeneko mtengo ndi wokwera, koma njira imene chigubu chadutsa ndi yaifupi ndiponso yodziwika. Kukasowa, ndimatuma mlamu wanga amene amakhala ku Johannesburg. Iye amapita m'sitolo yaikulu ya zipangizo za magalimoto, amajambula kuseri kwa chigubu, amanditumizira pa WhatsApp, ndipo salipira mpaka nditawerenga ndekha mzere wa chivomerezo. Katunduyo amabwera ndi anthu onyamula katundu pa msewu wa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa chipata cha Dedza, ndipo ndikaphatikiza mtengo wonyamulira ndi msonkho wa MRA kawirikawiri sindipulumutsa ndalama iliyonse. Chimene ndimagula pamenepo ndi mtendere wa mumtima. Ndimamuuza kuti akulunge zigubuzo m'pulasitiki ndi kuziimika m'katoni yolimba, chifukwa ulendo wina chivindikiro chinaphwanyika panjira ndipo theka la oyilo linathera m'katundu wa anthu ena.

Oyilo wachinyengo ndinakumana naye kamodzi, ndipo ndi chimene chinandichititsa kukhala wokhwima chonchi. Ndinapeza chigubu cha dzina lodziwika, cholembedwa zonse zimene ndinkafuna, pa mtengo wotsika moonekeratu kusiyana ndi kwina konse, ndipo ndinagula ndikusangalala. Nditafika kunyumba ndinachiika patebulo pambali pa chigubu chotsala cha sevisi yapita. Kamphete ka pulasitiki ka pansi pa chivindikiro, kamene kamayenera kuthyoka ndi kaphokoso munthu akamatsegula, kanazungulira limodzi ndi chivindikirocho, ndipo m'mphepete mwake munali timadontho touma ta guluu. Pepala la kutsogolo linali ndi kathovu pakona, ndipo tsiku lopangira, limene pa chigubu chinacho linadindidwa ndi timadontho ta inki, apa linali lofufutika. Ndinadontheza oyilo wa zigubu ziwirizo pa mbale yoyera: wina anali woyera ngati mafuta ophikira, winayo woderako ndiponso wa kafungo kopsa. Sindinamuthire. Komabe ndikudziwa kuti ndinachita mwayi chifukwa wachinyengoyo anali wosasamala, pakuti diso silingaone phulusa kapena mankhwala a mkati, ndipo oyilo wamba watsopano atathiridwa m'chigubu chodula n'kutsekedwa bwino, palibe mbale yoyera imene ingamuulule. Chitetezo chenicheni ndi malo ogulira.

Tsiku la sevisi ndimapita ndi zonse m'manja: zigubu ziwiri, fyuluta ya oyilo ya Mann kapena Mahle ndi timalabala take tatsopano, ndi washa watsopano wa bawuti yokhetsera. Fyuluta zachinyengo n'zambiri kuposa oyilo wachinyengo, ndipo pepala la fyuluta yotchipa likhoza kufwafwanyika mkati n'kulola zinyalala kudutsa. Ndimakhala pomwepo mpaka ntchito ithe, osati chifukwa chokayikira mmisiri, koma chifukwa pagalaja pamakhala magalimoto ambiri ndi anyamata ambiri, ndipo fanelo imene yangothira oyilo wa giyabokosi ikhoza kubwera pa injini yanga osapukutidwa. Timathira malita 7 ndi theka, timaliza injini, timazimitsa, timadikira mphindi zingapo, kenako timawonjezera pang'onopang'ono mpaka mlingo ufike pamalo pake, chifukwa kudzaza mopitirira muyezo nakonso kumatumiza oyilo ku ekizozi. Malita 2 otsalawo ndimathira lita imodzi m'kabotolo kamene kamakhala kumbuyo kwa galimoto nthawi zonse. Buku limalola kuwonjezera oyilo wina kamodzi kokha, osapitirira lita imodzi, munthu akapanikizika panjira, ndipo kuyenda ndi oyilo wochepa n'koopsa kuposa kusakaniza. Koma kabotoloko kamandipulumutsa ku chisankho chimenecho ndikakhala ku Karonga kapena ku Mangochi.

Amisiri angapo andilangiza kuti ndingochotsa DPF, kuiboola mkati ndi kusintha pulogalamu ya kompyuta, kuti ndizithira oyilo aliyense. Ambiri achita zimenezo, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, pakuti sefa yatsopano ndi yodula koopsa. Ine sindinavomere. Mwaye umene sefayo imagwira ndi womwe uja umene timauona ukutuluka m'maminibasi pa depoti, ndipo umathera m'mapapo mwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ndi ana oyenda pansi popita kusukulu. Kuwonjezera apo, kumbuyo kwa injini yanga kulinso zipangizo zina zoyeretsa utsi, kuphatikizapo chimene chimagwira ntchito ndi AdBlue, ndipo phosphorous wa mu oyilo wolakwika amazifooketsa pang'onopang'ono ngakhale sefa itachotsedwa. Amene akugula galimoto yotere kwa munthu wa konkuno achite bwino kufunsa ngati sefayo idakali ndi zamkati, chifukwa kunja imaoneka chimodzimodzi.

Mwezi watha ndinabwerera kwa mmisiri wachikulire uja kukachita sevisi, nditanyamula zigubu zanga. Anatenga chimodzi, anavala magalasi, anachitembenuza, ndipo anawerenga mzere wa kuseri mokweza, nambala ndi nambala, kenako anauza mnyamata wawo kuti apukute fanelo ndi nsalu yoyera. Oyilo wakale tinamukhetsera m'chigubu chotseka kuti asatayikire m'ngalande, popeza mvula ikagwa zonse za m'ngalandezo zimathera mu mtsinje wa Lilongwe. Titamaliza, mnyamata wina wa pafupi anabwera kudzapempha zigubu zopanda kanthu, monga amachitira ambiri amene amazifuna posungira palafini kapena madzi a radiator. Ndinamupatsa ndalama yoti akagule chigubu wamba kumsika, ndipo zangazo ndinabwereka mpeni pagalajapo n'kuzicheka pakati, chilichonse kuyambira pakamwa mpaka pansi, kudutsa pa pepala lolembedwa 229.51.